Fyuzi ya nyali ikamapsa pafupipafupi musamayikemo waya chonde

Akonzi,

Ndipatseniko danga m'nyuzipepala yathuyi ndilankhuleko ndi anzanga oyendetsa mapikapu, makamaka ife timanyamula mtedza, soya ndi chimanga m'misewu yafumbi kuno ku Mchinji, komanso anyamata ena a zamagetsi m'magalaji muja amene akangoona fyuzi yapsa amathamangira kupota kawaya nkulowetsa pamalopo basi ntchito yatha ndalama bwana. Ine nkhani imeneyi inandionetsa zakuda miyezi iwiri yathunthu nde ndati ndisakhale nayo ndekha.

Galimoto yanga ndi Toyota Hilux yakale ya dizilo, yoti inayenda kale maulendo ake isanafike m'manja mwanga, koma injini yake ndilibe nayo mawu. Vuto linayamba nthawi yokolola, usiku wina ndikuchokera m'midzi ya cha ku Kapiri nditalongeza matumba a mtedza mpaka pamwamba. Ndinangoona nyali za pa dashibodi zathima, sipidi sindikuiona, geji ya mafuta sindikuiona, koma mahedilaiti akuwala bwinobwino. Ine nkumati aaa timababu ta mu dashibodi timeneto ndikaona mawa. Ndinayenda choncho mpaka pa Kamwendo nkulowa msewu waukulu wa M12, kenaka thiraki ina inandiimbira hutala kumbuyo mokalipa zedi nkundipitirira dalaivala wake akutukwana pawindo, ndipomwe ndinaima nkuzungulira kumbuyo kupeza kuli mdima bii, olo kanyali kamodzi kofiira, ngakhale ka pa nambala puleti. Tangoganizani Akonzi, pikapu yodzadza matumba ikukwawa pa msewu umene mathiraki a ku Chipata amathamangamo usiku, kumbuyo kulibe chowala china kupatula timarifulekita todzadza fumbi. Mawondo anandizizira.

Chimene sindinkadziwa nthawi imeneyo, ndipo ndikukhulupirira madalaivala ambiri sachidziwa, nchoti pa mapikapu ambiri nyali za pa dashibodi, mapaki akutsogolo (tinyali ting'onoting'ono ta pambali pa mahedilaiti), nyali zofiira zakumbuyo ndi za pa nambala puleti zonse zimadyera pa fyuzi imodzi, pa yanga palembedwa TAIL. Mahedilaiti ali ndi mafyuzi awo, lakumanzere yake lakumanja yake kuti imodzi ikapsa usatsale mumdima, nyali za mabuleki nazo zili ndi yake yolembedwa STOP. Nde dashibodi ikathima uli pa ulendo, galimoto ikukuuza kuti kumbuyo kwathimanso, ima ukaone.

Mawa lake ndinatsegula kabokosi ka mafyuzi kali pansi pa chiwongolero, kupeza ka 10A (ndekuti ka ma amp 10, muyezo wa moto umene imanyamula) kofiira kaduka mkati. Ndinagula ina nkuikamo zonse nkuyaka, ine nkumadzitama kuti ndakonza ndekha. Inakhala masiku 3 nkupsanso. Ndinaika ina, imeneyo inakhala sabata yathunthu mpaka ndinaiwala, kenaka tsiku lina zinapsa ziwiri usiku umodzi. Ndinafika poti ndinkayenda ndi mafyuzi m'thumba la malaya ngati maswiti, ikapsa kuima, kuyatsa tochi ya pa foni, kugwada pafumbi, kusintha, kumapita. Onse amene anapsa ndinkaponya mu kabati ka pa dashibodi, sikuti ndinali ndi nzeru ina ayi, ulesi chabe wotaya, koma anadzandithandiza patsogolo.

Nditatopa ndinapita kwa mnyamata wina wa zamagetsi pa trading centre ina, dzina sinditchula, ndi mwana wa munthu akusaka chakudya. Sanagwade nkomwe kuyang'ana pansi pa galimoto. Anangoti madala fyuzi yanuyi ikuchepa mphamvu, galimoto ikakalamba imakoka moto wambiri, nkuikamo ya 20A yachikasu. Ine poti sindinaphunzire zamagetsi ndinavomera, zinkamveka zanzeru ndithu. Inakhala masiku angapo nayo nkupsa. Nditabwerera anati nde apapa tiike yosapsa, anasenda kawaya nkutenga timitsitsi take tamkuwa nkupota pa miyendo ya fyuzi yakupsa ija nkubwezeretsa, akuti imeneyi mpaka mudzaigulitsa galimotoyi. Anzanga ena amaika pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu, ena ndinaonapo ataika kamsomali, nde ine sindinaone chachilendo.

Patatha masiku 5 ndikupita ku Lilongwe m'bandakucha ndi matumba a soya, nditangodutsa pa Namitete ndisanafike pa Msundwe galimoto inagwa m'kadzenje, nyali zonse zinaphethira, kenaka fungo la pulasitiki wopserera linadzadza mu kabu, kautsi kakutuluka pansi pa dashibodi pafupi ndi bondo langa. Mwayi wake ndinathimitsa switchi msanga nkuima, ndinatsegula boneti nkumasula waya wa negetivu pa batire manja akunjenjemera, sipanala ya 10 ija kuifuna osaipeza. Mlamu wanga amene ndinali naye anali atadumpha kale ali chapatali uko atanyamula chikwama chake. Tinadikira kuche nkuyenda masana opanda nyali.

Usiku umenewo mwana wanga wa Form 4 ndi amene anandichititsa manyazi patebulo. Anandifunsa kuti ababa pa fyuzi imeneyo pali mababu angati ndipo ndi a ma watt angati. Tinawerenga, awiri akumbuyo, awiri a mapaki kutsogolo, awiri a pa nambala puleti, lililonse 5W, pamodzi 30W, kuphatikiza timababu ta mu dashibodi mwina zonse nkufika cha m'ma 40W. Anati gawani ndi 12, poti batire ndi la 12V, yankho lake ndi ma amp 3 ndi kanthu pang'ono. Ndiye kuti fyuzi ya 10A ija inali ndi malo okwana kunyamula katundu ameneyo katatu. Zoti ikuchepa mphamvu linali bodza, kaya mnyamata uja ananama dala kaya nayenso anauzidwa choncho ndi amene anamuphunzitsa. Kuti fyuzi ya 10A ipse pa nyali zodya ma amp 3 ndekuti penapake moto ukuthawira ku chitsulo cha galimoto usanafike pa babu, chifukwa thupi lonse la galimoto ndi negetivu, waya wa moto akangosendeka nkukhudza chitsulo paliponse basi shoti. Ndipo nambala ya fyuzi amaisankha poyang'ana kunenepa kwa waya, kuti fyuzi ipse waya asanatenthe. Ukaika yaikulu kapena kawaya kopota kaja, batire limene limatha kuzunguza injini ya dizilo ndi ma amp mazanamazana limakankhira moto wonsewo mu kawaya koonda ngati ulusi wa thumba, nde chimene chimapsa ndi wayayo, mkati mwa mtolo wa mawaya ena, pansi pa dashibodi pomwe pali mapulasitiki ndi masiponji okhaokha.

Mnzanga wina woyendetsa minibasi ndi amene anandilozera kwa bambo ena achikulire ku Lilongwe, a imvi zawo, kagalaji kawo kosaoneka bwino nkomwe, mpanda wa malata. Chimene chinandidabwitsa nchoti mphindi 20 zoyamba sanagwire sipanala kapena tesita, ankangondifunsa mafunso ngati kuchipatala. Imapsa nthawi yanji achimwene? Mukangoyatsa switchi pompo, kapena mutayenda kaye? Pa tala kapena pa fumbi? Kukagwa mvula? Mukaponda buleki, mukalowetsa rivesi? Muli ndi katundu kapena mulibe? Ine ndinayamba kuyankha mwaulesi koma pofika pa funso lomalizalo ndinakhala kaye chete, chifukwa nditakumbukira bwinobwino panalibe tsiku ndi limodzi lomwe imene inapsa galimoto ili yopanda kanthu. Masiku onse amene inkakhalitsa aja ndi amene ndinkangoyenda pa boma kapena kupita kutchalitchi. Anangogwedeza mutu nkuti tamva.

Anandifotokozera kuti yopsa pompo ukangoyatsa ndi yosavuta, waya wagona pa chitsulo nthawi zonse ndipo umamupeza msanga. Yopsa patapita mphindi zingapo galimoto ili chiimire kawirikawiri ndi katundu wachuluka pa laini imeneyo, wina walumikizapo ma spotlight kapena timagetsi tokongoletsa tija anyamata amakonda. Yopsa mvula ikagwa kayang'ane madzi mu galasi la nyali yakumbuyo losweka, soketi ya babu imachita dzimbiri mpaka mkati kugundana. Koma yopsa pa mabampu, lero inde mawa ayi, imeneyo ndi waya amene akukhuzika penapake, ndipo ndi imene imapengetsa anthu.

Kenaka anandiuza ndiwapatse mafyuzi akupsa aja, ndinatulutsa 14. Anawayang'ana padzuwa limodzilimodzi nkundionetsa kuti onani mkatimu mwada ngati mwalowa mwaye, kachitsulo kaduka mophulika, imeneyi ndi shoti yeniyeni. Ikanakhala yolemedwa chabe kachitsuloko kakanangosungunuka pakati mwaulemu pulasitiki ili yoyera, ndipo ikanakhala yosagwira bwino m'malo mwake mukanaona miyendo yake yapserera pulasitiki yafufuma. Awiri mwa 14 aja anawaika pambali nkuti awa musadzagulenso, onani pulasitiki yasungunuka kachitsulo kasanaduke bwino, mafyuzi ena otchipa a m'mapaketi osalembedwa dzina nambala yake ndi yongopaka. Apa nde ndinaphunziranso kuti mitundu ija sikukongoletsa ayi, yofiira ndi 10A, yabuluu 15A, yachikasu 20A, yobiriwira 30A, yabulauni 7.5A, ndipo pa chivindikiro cha kabokosi amalemba nambala yoyenera malo alionse. Ine zaka zonsezi ndinkangoti bola yalowa.

Anafunsanso ngati pali chimene chinawonjezeredwa pa galimoto. Ndinati wailesi, ndinaikitsa ya Bluetooth chaka chatha. Anaisolola kaye nkuyang'ana kuseri, akuti oika mawailesi ambiri amasokoneza waya wa nyali za dashibodi nkumuyesa ethi, waya wa negetivu uja, poti nyali zikakhala zothima wayayo ukamuyeza amaoneka ngati negetivu, nde tsiku loyamba kuyatsa nyali usiku fyuzi ya TAIL phuu. Kwa ine kunali bwino, waya ameneyo anali womata tepi. Anatsegula nyali zakumbuyo kuona ngati wina sanakakamize babu la kadontho kamodzi pansi m'malo mwa lija la madontho awiri la 21/5W, loti ulusi umodzi ndi wa buleki wina wa paki, chifukwa babu lolakwika limalumikiza malaini awiriwo nkumachita zamatsenga, ukaponda buleki dashibodi nkuyaka. Anali abwino. Soketi ya ngolo yokoka kumbuyo ndilibe, akuti nayonso imavuta kwambiri ikalowa matope. Ndipo poti tinali pa nkhani ya mababu anandidzudzulanso za a 100W amene ndinkafuna kugula a mahedilaiti, akuti la 55W limadya ma amp osakwana 5 pomwe la 100W limapitirira 8, mawaya ndi switchi sanapangidwire zimenezo, kuwonjezera apo mumatithobwa m'maso anzanu pa msewu. Ndinangoseka mwamanyazi.

Tsopano chida chimene anagwiritsa ntchito ndi chimene chandilembetsa kalatayi, chifukwa aliyense atha kuchipanga kunyumba. Anatenga babu lakale la hedilaiti la H4 loti ulusi umodzi unapsa koma winawo ndi wamoyo, aja timataya aja, analumikizako mawaya awiri ataliatali, nsonga zake nkuwotcherera pa miyendo iwiri ya fyuzi yakupsa. Nde m'malo moika fyuzi yatsopano amalowetsa chimenechi. Moto wonse wopita ku nyali umayamba wadutsa m'babu limeneli. Ngati kulibe shoti, babulo limangoti psuu mofiirira ngati khala, poti likugawana moto ndi timababu tina tija. Koma waya akangokhudza chitsulo limawala mwamphamvu ngati hedilaiti, ndipo palibe chimene chimapsa chifukwa babulo limangolola moto wa cha m'ma amp 5 okha kudutsa olo shotiyo ikhale yoopsa bwanji. Ndekuti uli ndi fyuzi yosatha komanso yoti ikukuuza nthawi yeniyeni imene shoti yachitika. Anandichenjeza kuti ukaika kababu kakang'ono ka 5W kapena ka mu tesita kamawala nthawi zonse olo kulibe shoti nkukusokoneza, pokhapokha utazula kaye mababu onse a pa lainiyo, komanso babu la hedilaiti limatentha zedi osaligoneka pampando. Iwo analipachika pa galasi loonera kumbuyo kuti lizioneka uli panja.

Anayatsa mapaki, babu lija psuu, kulibe shoti. Anagwedeza mawaya pansi pa dashibodi, mu boneti, kuseri kwa mahedilaiti, pomwe mtolo umaboola chitsulo kuchoka mu kabu paja pamakhala kalabala, osasintha kanthu. Ine mtima unayamba kugwa kuti nawonso alephera. Kenaka anakuwa kuitana anyamata onse a pa galaji ndi ena ogulitsa zitsulo pafupi, anakwana 8, akuti kwerani kumbuyoku mukhale matumba a soya a achimwenewa. Anakwera akuseka, anawauza dumphani pamodzi. Kudumpha koyamba palibe, kachiwiri palibe, kachitatu onse atatsikira pamodzi babu lija ng'anii nkuzimiranso. Akonzi ndinakuwa ngati timu yagoletsa.

Apa nde anayamba kudula dera. Pansi pa kabu pali pulagi pomwe mawaya opita kumbuyo amalumikizana ndi akutsogolo, anaizula, anyamata dumphani, babu osawala. Ndekuti kutsogolo konse ndi dashibodi kulibe mlandu. Anaibwezera nkukazula mapulagi a nyali zakumbuyo zonse ziwiri ndi ya pa nambala puleti, dumphani, ng'anii. Ndekuti si nyalizo ayi, ndi waya wa pakati, amene amayenda m'mbali mwa chasisi kuchoka pa kabu kukafika kumbuyo. Kuchoka pa galimoto yonse tinatsala ndi mamita awiri kapena atatu a waya. Analowa pansi chagada ndi tochi nkumatsata ndi dzanja, atafika pamwamba pa ekiselo anandiitana kuti lowani muone nokha. Timakilipi tiwiri togwira mtolo tinathyoka kalekale, mtolo unalendewera nkukakhala pakati pa chasisi ndi chitsulo chomanga masipuling'i. Galimoto ikakhala yopanda katundu pamakhala mpata woti dzanja nkulowa. Ikalemedwa masipuling'i amawongoka mpata uja nkutsala pang'ono, nde ikagwa m'dzenje chitsulo chija chimatsina mtolo. Atasenda tepi tinapeza waya mmodzi yekha wobiriwira ndi amene anabooka, pamalo pake pang'onong'ono ngati kanjere ka mpunga, mkuwa ukuoneka utada, ndipo pa chitsulopo panali timadontho ta moto. Kanthu kameneko ndi kamene kanandidyera mafyuzi 14 ndi kutsala pang'ono kundiotchera galimoto.

Kukonza pamenepo sikunatenge olo theka la ola. Anadula pobookapo, kulumikiza ndi kuwotcherera bwinobwino osati kungopota, kumata, kulowetsa mtolo wonse mu kapaipi ka labala nkuumangirira pamwamba pa chasisi ndi ma cable tie kutali ndi masipuling'i ndi ekizozi. Chimene chinatenga tsiku lonse ndi ndalama zambiri ndi zimene anawononga kawaya kopota kaja. Pansi pa dashibodi waya wochoka pa kabokosi ka mafyuzi kupita ku switchi anali atasungunuka chikopa nkumatirira kwa anzake awiri, anachita kumasula chiwongolero chapansi ndi kusenda mtolo kuti asinthe, ndipo malo a fyuzi mu kabokosimo anali atapserera moti anachita kundiikira kena kapadera pambali. Bambo aja anati mukanayenda mphindi ina imodzi switchi ili yoyatsa bwenzi tikukamba zina. Anabwezeramo ya 10A yofiira yomwe ija inkanenedwa kuti ikuchepa mphamvu, ndipo ndi yomweyo mpaka lero, yadutsa dzinja lonse ndi matope ake.

Mlandu wina ndi wanga ndivomere, ndimalongeza mopitirira muyezo, tonse timatero poti mafuta anakwera ndipo ulendo umodzi umafuna utulutse za maulendo awiri, masipuling'i mpaka kuwongoka ngati rula. Ndipo pepala langa la COF, lotsimikiza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pa msewu, linali labwinobwino nthawi yonseyi, sinanga poyeza galimoto imakhala yopanda katundu itaima pa simenti nyali zonse zikuyaka, vuto lotere silingaoneke pamenepo. Nde munthu usamadalire pepala, ukamaliza kulongeza madzulo yatsa mapaki uzungulire galimoto kamodzi, ine pano ndimachita kutuma wondithandiza kuti aime kumbuyo ndiponde buleki aone.

Kwa anyamata a zamagetsi, sindikunyozani ayi, ambiri mumagwira ntchito yabwino ndi zida zochepa, koma kasitomala akabwera kachiwiri ndi fyuzi yomweyo musamuikire yaikulu, mufunseni imapsa nthawi yanji, ndipo ngati mulibe nthawi yolowa pansi pa galimoto muuzeni apite kwina. Mnyamata wanga uja ndinabwererako, osati kukakangana, ndinamutengera waya wosungunuka uja kuti aone ndi maso. Anayamba kukana kuti si iyeyo, kenaka anakhala chete nkuutembenuzatembenuza, pamapeto pake anandifunsa kuti babu lija analumikiza bwanji madala aja. Ndinamujambulira pa katoni.

Langa ndinapanga tsiku lomwelo nditafika kunyumba, lili mu kabati ka pa dashibodi ndinalikulunga mu sokosi yakale kuti lisasweke. Sabata yatha linagwira ntchito pa Nissan Hardbody ya mnzanga wa ku Waliranji, yake inali waya wa pa nambala puleti amene owotcherera bampala anamupanikiza ndi bawuti, tinamupeza tisanamalize nkomwe botolo la thobwa.

Woyendetsa pikapu,
Kamwendo, Mchinji